Filimu Imene Oonera Anaichotsa pa Shelefu

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku America kunali mafilimu amene ankapangidwa popanda chiyembekezo choti adzaonetsedwa m'nyumba za kanema. Kampani inkasonkhanitsa ndalama zochepa, n'kulemba ochita zisudzo amene mayina awo sanali odziwika kwenikweni, n'kujambula kwa milungu yowerengeka. Filimu ikatha ankaiika pa tepi ya vidiyo, pachikuto n'kuikapo chithunzi cha mfuti ndi mkazi wokongola, basi n'kuitumiza kumashopu obwereketsa matepi. Kumeneko inkakhala pa shelefu kudikira munthu amene wapeza kuti filimu imene amaifuna yabwerekedwa kale. Manyuzipepala sankalemba za mafilimu oterewa, ndipo owapanga ankadziwiratu zimenezo asanayambe n'komwe ntchito.

One False Move inapangidwa kuti idzere njira yomweyi. Kampani ya I.R.S. Media inaikapo madola pafupifupi 2.5 miliyoni, ndalama imene ku Hollywood ya masiku amenewo sikanakwana ngakhale malipiro a katswiri mmodzi wotchuka. Nkhani yake analemba ndi Billy Bob Thornton ndi Tom Epperson, mabwenzi awiri ochokera ku Arkansas amene anakhala zaka zingapo ku Los Angeles akusakasaka mwayi. Woitsogolera anali Carl Franklin, munthu wakuda wobadwira ku Richmond m'chigawo cha California mu 1949. Iyeyu anayamba ngati wochita zisudzo pa wailesi yakanema, kenako anakaphunzira kutsogolera mafilimu ku American Film Institute, ndipo anali atapangako mafilimu otsika mtengo m'kampani ya Roger Corman, kumene munthu ankaphunzira kumaliza ntchito dzuwa lisanalowe ndi zomwe zili m'manjazo.

Mtundu wa nkhani imene anasankha unali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1940 Hollywood inatulutsa mafilimu ambiri a umbanda, ojambulidwa mumdima ndi m'zithunzithunzi, okamba za anthu wamba amene dyera kapena chikondi chawakokera m'dzenje losatulukika. The Maltese Falcon ya mu 1941 ndi Double Indemnity ya mu 1944 ndiwo amatchulidwa kawirikawiri. Olemba ndemanga a ku France, mmodzi mwa iwo Nino Frank, ndi amene mu 1946 anayamba kuwatcha kuti noir, ndipo amene anabwera pambuyo pake motsata mapazi omwewo, monga Chinatown ya mu 1974 ndi Body Heat ya mu 1981, amatchedwa neo-noir. Opanga mafilimu osauka amaukonda mtundu umenewu pa chifukwa chosabisika. Sufuna khamu la asilikali kapena nyumba zophulika. Ukakhala ndi chipinda, galimoto, mfuti, ndi anthu atatu amene sakukhulupirirana, nkhani yapezeka. Abale awiri Joel ndi Ethan Coen anayambira pamenepo ndi Blood Simple mu 1984, ndipo Christopher Nolan anajambula Following ya mu 1998 ndi madola pafupifupi 6,000 okha, m'misewu ya London, pamasiku opuma kumapeto kwa mlungu.

Koma kutsika mtengo kumatanthauzanso kuti palibe ndalama zolengezera filimuyo. Moyo wake wonse umakhala m'kamwa mwa anthu amene aionera. Ndipo pa One False Move, anthuwo anagawanika mphindi khumi zoyambirira zisanathe.

Filimuyi imayamba usiku ku Los Angeles. Mtsikana wotchedwa Fantasia akugogoda pakhomo la anzake amene akuchita kaphwando, ndipo amutsegulira mwansangala chifukwa amamudziwa. Kumbuyo kwake kukulowa chibwenzi chake Ray, mzungu wa mtima wapachala, ndi mnzake Pluto, munthu wakuda wovala magalasi, wolankhula pang'ono, wodekha mochititsa mantha. Akufuna ndalama ndi mankhwala osokoneza bongo a munthu wina wogulitsa mankhwalawo. Kusanache anthu 6 aphedwa m'nyumba ziwiri. Ena akubayidwa ndi mpeni atamangidwa, uku pa wailesi yakanema m'chipinda momwemo pakuoneka vidiyo ya anthu omwewo akuvina mphindi zochepa zapitazo. M'nyumba yachiwiriyo Fantasia akupeza kamnyamata katabisala, akukayang'ana, n'kubwerera osauza anzakewo.

Pali oonera amene sanathe kupitirira pamenepa, ndipo mpaka lero amene amaipeza filimuyi koyamba amatchula chiyambi chimenechi asanatchule china chilichonse. Dandaulo lawo ndi lomveka: anabwera kudzasangalala, n'chifukwa chiyani akuwaonetsa anthu akuchonderera moyo wawo? Ena amati n'nkhanza zopanda pake zongofuna kudzidzimutsa munthu. Ine ndili kumbali ina. Magazi amene amaoneka m'zigawo zimenezi ndi ochepa kuyerekeza ndi a m'mafilimu ankhondo amene anthu omwewo amaonera akudya mbuliwuli. Chimene chimapweteka n'chakuti Franklin anatipatsa kaye mpata wowaona ophedwawo ngati anthu, akuseka, akuvina, akunyozana mwachibwana, kenako sanatilole kuyang'ana kumbali. Woonera amene wazolowera kuti munthu akaomberedwa amangogwa n'kuiwalika amakhumudwa akapeza imfa yolemera chonchi, ndipo kukhumudwa kumeneko ena amakutcha kuti filimu yoipa.

M'chaka chomwecho cha 1992 kunatuluka filimu ina yotsika mtengo ya zigawenga, Reservoir Dogs ya Quentin Tarantino. Nayonso inathamangitsa anthu ena m'nyumba za kanema ndi chigawo chimene wapolisi amadulidwa khutu uku wochita nkhanzayo akuvina nyimbo ya pa wailesi. Koma taonani kusiyana kwa zimene zinatsatira. Zigawenga za Tarantino, ndi masuti awo akuda ndi nthabwala zawo, zinasanduka zithunzi zopachika m'zipinda za ophunzira a m'makoleji. Palibe amene angafune kupachika chithunzi cha Ray ndi Pluto pamwamba pa bedi lake. Filimu yoyambayo inaphunzitsa mbadwo wa oonera kuti nkhanza zikhoza kukometsedwa. Yachiwiriyo inakana kuzikometsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene dzina lake silinafalikire ngati la inzakeyo.

Nthawi imene inatulukira inawonjezeranso kulemera kwake. Pa 29 April 1992 khoti linapeza kuti apolisi amene anajambulidwa pa vidiyo akumenya Rodney King alibe mlandu pa pafupifupi milandu yonse imene ankazengedwa, ndipo mzinda wa Los Angeles unayaka moto kwa masiku angapo. Anthu oposa 50 anafa. One False Move inayamba kuonetsedwa pa 8 May, utsi usanathe n'komwe. Munthu wolowa m'holo mlungu umenewo ankapeza nkhani ya apolisi a ku Los Angeles, ya kamera ya vidiyo imene yasunga umboni, ndi ya azungu ndi anthu akuda amene miyoyo yawo ndi yolukanalukana kuposa mmene amavomerezera.

Nanga zinatheka bwanji kuti ifike m'holo, pomwe inayenera kupita pa tepi? Inaonetsedwa kaye pa zikondwerero za mafilimu, ndipo amene anakhala mpaka kumapeto anatuluka akuuza anzawo. Mbiriyo inakula mpaka eni ake anaona kuti n'koyenera kuiyesa m'nyumba za kanema zowerengeka. Anthu awiri anathandiza kwambiri: Gene Siskel wa nyuzipepala ya Chicago Tribune ndi Roger Ebert wa Chicago Sun-Times, amene ankakhala ndi pulogalamu yothirira ndemanga pa mafilimu pa wailesi yakanema mlungu uliwonse. Awiriwa ankadziwika ndi kukangana, koma pa filimu iyi anagwirizana, ndipo anaikamba mobwerezabwereza. Chaka chikutha, Siskel anaiika pamwamba pa mafilimu onse a 1992, ndipo Ebert anaiika pa nambala 2, pansi pa Malcolm X ya Spike Lee. Franklin analandira mphoto ya Independent Spirit monga wotsogolera filimu wopambana.

Tisakokomeze, komabe. Ndalama zonse zimene inapeza m'nyumba za kanema ku America zinali madola pafupifupi 1.5 miliyoni, zosakwana ngakhale zimene anaipangira. Anthu amene anaipulumutsa anali ochepa. Mphamvu yawo inali yakuti sanatseke pakamwa, ndipo filimuyo itafika ku mashopu a matepi kuja inafika ili ndi dzina, anthu akuifunsa.

Dandaulo lachiwiri la oonera ndi lotsutsana ndi loyamba lija. Amene anakopeka ndi chiyambi choopsacho, poyembekezera kuti mfuti zilira mpaka kumapeto, amati pakati pake filimuyi ndi yozizira, ikuyenda pang'onopang'ono. Zoonadi imasintha mayendedwe. Apolisi awiri ofufuza milandu, Dud Cole ndi John McFeely, akumva pa tepi ya vidiyo ya pa kaphwando kaja kuti zigawengazo zikulowera ku Star City, katauni kakang'ono ka ku Arkansas, ndipo akupita kukazidikira kumeneko. Akulandiridwa ndi mkulu wa apolisi wa m'tauniyo, Dale Dixon, amene anthu amamutcha Hurricane chifukwa cha phuma lake. Mbali imeneyi anasewera ndi Bill Paxton, amene nthawi imeneyo anthu ankamudziwa ngati msilikali wamantha ndi wolongolola wa mu Aliens ya mu 1986.

Dale ndi munthu wosangalatsa kumuonera. Amalankhula mosalekeza, amayendetsa galimoto ngati akuthamangitsidwa, amadziwa aliyense m'tauni ndi dzina. Kwa zaka 6 sanasololepo mfuti yake. Tikumuona akuletsa mwamuna woledzera amene akuswa chitseko cha mkazi wake ndi nkhwangwa, ndipo akutero ndi manja ndi pakamwa basi. Mlandu waukuluwu ukumusangalatsa ngati mwana, ndipo akuulula kwa mmodzi wa alendowo kuti amalakalaka kukagwira ntchito ya upolisi ku Los Angeles. Oonera amaseka naye, ndipo pang'ono amamuseka. Kenako pakubwera chigawo cha m'nyumba yodyera, pamene Dale akumva alendo ake aja akuseka maloto akewo osadziwa kuti ali kumbuyo kwawo. Zili ngati munthu amene waphera alendo a m'tauni tambala wake yekhayo, kenako n'kuwamva kuseri kwa nkhokwe akunyoza nyumba yake. Paxton sakunena zambiri pamenepo, nkhope yake ndiyo ikugwa. Woonera amene ankaseka uja amazindikira kuti nayenso anali patebulo la onyozawo. Amene amati pakati pa filimuyi palibe chochitika, ndikuganiza kuti amawerenga zochitika ndi kulira kwa mfuti kokha.

Kuchedwako kuli ndi ntchito yake. Pamene Dale akudikira, ifeyo tikuona zimene iye sakuziona: zigawenga zija zikudutsa m'chigawo cha Texas, wapolisi wa pamsewu akuziimitsa usiku, ndipo amene akumuombera ndi Fantasia, yemwe uja anasiya kamnyamata kamoyo. Tikudziwa mtundu wa anthu amene akubwera, ndipo tikudziwa kuti Dale sakuwadziwa. Mantha a woonera amakula ndi mtunda uliwonse umene galimotoyo yayenda.

Apa ndiyenera kuulula chinsinsi cha nkhaniyi, chifukwa mkangano waukulu wa oonera wagona pamenepo. Fantasia si dzina lake lenileni. Ndi Lila Walker, mwana wa ku Star City komweko, wobadwa kwa mayi wakuda ndi bambo wachizungu amene sanamulere. Akubwerera kwawo kudzaona mwana wake wamwamuna, Byron, amene akuleredwa ndi agogo ake. Bambo a mwanayo ndi Dale. Anam'patsa mimba Lila ali ndi zaka 17, iye ali kale wapolisi, ndipo sanamuvomerepo mwanayo pamaso pa anthu. Dale ali ndi mkazi wake wachizungu ndi mwana wamkazi, ndipo tsiku lililonse amayenda m'misewu ya katauni kamene mwana wake winayo akukulira osamudziwa. Akuluakulu anati mlandu suola. Mlandu umene ukubwera pamsewu waukulu kuchokera ku California ndi wa Dale mwiniwake.

Tsopano woonera amakumbukira zimene anaziona kale n'kuzimva mwatsopano. Pa chakudya chamadzulo kunyumba kwake, Dale anatulutsa mawu onyoza anthu akuda pamaso pa McFeely, yemwe ndi wakuda, mpaka mkazi wake anachita kumuponda pansi pa tebulo. Poyamba zinaoneka ngati kusadziwa kwa munthu wakumudzi. Pambuyo pake zimaoneka kuti munthuyu wakhala akunyoza magazi a mwana wake yemwe. Ndipo zimenezi sizinachokere kumwamba. Arkansas ndi chimodzi mwa zigawo zimene lamulo linkaletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda mpaka khoti lalikulu la America linathetsa malamulo otere mu 1967. Lamulolo linkaletsa ukwati, koma silinaletse azungu kubereka ana ndi akazi akuda n'kuwakana. Lila ndi chipatso cha khalidwe limenelo, ndipo mwana wake ndi chipatso chachiwiri cha mtengo womwewo.

Oonera amasiyana maganizo pa Dale. Ambiri amamukhululukira. Amati ndi munthu wa mtima wabwino amene analakwa kamodzi, ndipo kumapeto analipira ndi thupi lake pamene anakumana ndi Ray ndi Pluto yekhayekha m'bandakucha, panyumba ya kwayokha kunja kwa tauni. Paxton anamusewera mokoma kotero kuti n'kovuta kumuda. Ena, makamaka amene akuionera m'zaka zaposachedwapa, sakhululuka msanga chotero. Amafunsa kuti wapolisi wamkulu msinkhu amene wagona ndi mtsikana wa zaka 17 amene anali m'manja mwake tingamutche bwanji wolakwa kamodzi, pomwe anapitiriza kulakwako tsiku lililonse limene anakhala chete. Amaonanso kuti pamapeto pake Lila wafa, pomwe Dale, ngakhale wavulala kwambiri, akupuma ndipo mwana uja waima pambali pake. Kwa iwowa, filimuyi yapereka chiwombolo kwa mwamuna wachizungu ndi magazi a mkazi wakuda.

Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikufuna kulipeputsa. Koma ndikaonetsetsa usiku umene Dale ndi Lila akukhala awiriwiri m'nyumba muja kudikira kuti kuche, sindiona filimu imene ikumutchinjiriza Dale. Cynda Williams, wosewera mbali ya Lila, amene anali atangoyamba kumene kuoneka m'mafilimu ndi Mo' Better Blues ya Spike Lee mu 1990, ndiye mwini chigawo chimenecho. Lila akumuuza Dale zonse zimene wakhala akuzithawa, modekha, mwina momunyengerera, mwina momubaya, ndipo Dale alibe choyankha. Munthu wolongolola uja wasowa mawu. Franklin sakumuyeretsanso Lila: tinamuona akutsegulira zigawenga chitseko cha anzake, tinamuona akupha wapolisi. Chimene filimuyi ikuchita ndi kutionetsa kumene msewu wakewo unayambira, ndi amene anaima poyambira pake atavala yunifolomu. Woonera amene watuluka akumukonda Dale popanda kuvutika mumtima waphonya theka la nkhani. Amene watuluka akungomuda waphonya theka linalo, chifukwa kuopsa kwa Dale n'kwakuti ndi munthu amene tonse tikanamukonda tikanakhala naye m'mudzi umodzi.

Madandaulo ena ndi ang'onoang'ono ndipo ena mwa iwo ndi oona. Nyimbo za gitala zimene zimamveka m'zigawo zina zimakumbutsa mafilimu a pa tepi a nthawi imeneyo. Ray, amene anamusewera ndi Thornton wolemba nkhani uja, ndi tsitsi lake lomanga kumbuyo ndi kukalipa kosalekeza, amatopetsa ena, makamaka akaikidwa pambali pa Michael Beach amene Pluto wake amaopsa popanda kukweza mawu. Kusowa kwa ndalama kumaoneka apa ndi apo. Komanso kusowa komweko ndiko kunachititsa kuti ajambule m'matauni enieni a ku Arkansas monga Cotton Plant ndi Brinkley, ndi nyumba zake zakale ndi minda yake, m'malo momanga tauni yabodza ku Hollywood.

Zimene zinachitikira One False Move zinachitikiranso mafilimu ena a mtundu womwewu m'zaka zotsatira, ndipo zikusonyeza mmene makampani ankalephera kuwerenga mitima ya oonera. Red Rock West ya John Dahl, momwe muli Nicolas Cage ndi Dennis Hopper, inaonetsedwa pa wailesi yakanema ya HBO mu 1993 chifukwa ogulitsa mafilimu ku America sanaone kuti ingakope anthu m'holo. Kumayambiriro kwa 1994 nyumba ya kanema ya Roxie ku San Francisco inaiyesa, ndipo anthu anadzaza holoyo kwa milungu yambiri mpaka mizinda ina inatengera. Filimu yotsatira ya Dahl, The Last Seduction ya mu 1994, nayonso inayambira pa HBO. Itafika m'nyumba za kanema anthu anachita chidwi kwambiri ndi Linda Fiorentino, koma sanaloledwe kupikisana nawo pa mphoto za Oscar chifukwa malamulo a mphotozo ankakana filimu imene yayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema.

Amene anapanga One False Move anapita patali. Thornton analandira Oscar chifukwa cholemba Sling Blade ya mu 1996. Paxton anaoneka mu Apollo 13, Twister ndi Titanic, ndipo anakumananso ndi Thornton mu A Simple Plan ya mu 1998, nkhani inanso ya anthu wamba amene ndalama zotola zawawononga. Anamwalira mu 2017, ndipo ambiri mwa amene analemba zomukumbukira anatchula Dale Dixon pakati pa ntchito zake zopambana. Mu 2023 kampani ya Criterion, imene imasunga ndi kutulutsanso mafilimu amene imawaona kuti ndi ofunika, inaitulutsa filimuyi itakonzedwanso.

Franklin yekha ndiye anakumana ndi mbali ina ya oonera omwewo. Chifukwa cha mbiri ya filimu yake yotsika mtengoyo, anapatsidwa ndalama zochuluka kuwirikiza kakhumi kuti apange Devil in a Blue Dress ya mu 1995, yochokera m'buku la Walter Mosley. Denzel Washington anasewera Easy Rawlins, munthu wakuda amene wasanduka wofufuza milandu mu Los Angeles wa mu 1948, ndipo Don Cheadle anadziwikira momwemo monga Mouse. Olemba ndemanga anaiyamikira. Inadya madola pafupifupi 27 miliyoni, koma m'nyumba za kanema ku America inabweza pafupifupi 16 miliyoni okha. Mosley anali atalemba kale mabuku ena a Easy Rawlins amene akanatha kusanduka mafilimu otsatira, koma anthu atalephera kubwera mokwanira, Washington sanabwererenso pa mbali imeneyo.